Dalaivala Wopemphera

Pofika 10 koloko m'mawa wa Lachinayi lija, mlandu unali utatha kale m'mitu ya anthu onse kupatula m'mutu mwa Sajeni Lombe Chishimba.

Minibasi yochokera ku Kitwe inali itaima chopendekeka kunja kwa msewu, mphuno itagunda chulu, patangotsala pang'ono kuti ilowe mu Mufulira. Kumbuyo kwake makala anali mbwee pa tala ponse. Njinga imene inanyamula makalawo inali itapindika pawiri, ndipo mwini wake, Ba Mpundu, anali atawafunditsa chitenje n'kuthamangira nawo kuchipatala, kumene anakafika atazizira kale. Apaulendo anali atasasa fumbi n'kukwera mabasi ena. Anthu a kuno amaopa kulembedwa kuti ndi mboni kuposa mmene amaopera ngozi yeniyeniyo.

Dalaivala wa minibasiyo, Mukuka Bwembya, ankafotokoza akuponya manja uku ndi uku, manjawo ali bii ndi mafuta.

"Mabuleki, Ba Sajeni, mabuleki! Kutsogolo kwanga kunali lole. Ndaponda, phazi langolowa mpaka pansi. Ndiye ndikanathawira kuti? Ndakhotera kumanzere, wanjinga uja ndi uyu. Ine ndakhala ndikunena kuti Bashi Katongo akalamba, maso anawathera. Dzulo lomweli ndi amene anaika paipi ya mabuleki, lero onani."

"Foni yanu ili kuti?" anafunsa Lombe.

Mukuka anaseka ngati wafunsidwa za mfiti. Anatembenuza matumba onse a buluku. Munatuluka kansalu kopukutira thukuta ndi kampeni kosendera nzimbe.

"Ine mukwai, bwana wanga, lamulo ndimaliopa. Chiyambireni apolisi kugwira anthu olemba mauthenga akuyendetsa, foni sindiyenda nayo. Ili pa tchaji ku siteshoni. Tumani munthu akaone."

Anatumadi munthu. Kafoni kakang'ono ka mabatani kanapezeka pa tchaji, ndipo kanali pomwepo kuyambira mbandakucha. M'minibasi anasecha mpaka pansi pa mipando, osapeza kanthu.

Lombe anayenda chobwerera m'mbuyo pa msewu, maso ali pansi. Mafuta a mabuleki anali atadikha malo amodzi okha, pansi pa minibasi pomwe inaimapo. M'njira monse munalibe ngakhale dontho. Mizere yakuda ya matayala nayo inayambira kutsogolo kwa thumba loyamba la makala, osati kumbuyo kwake.

"Munaponda mutagunda kale," anatero Lombe, "ndipo buleki anagwira."

"Wa dzanja ameneyo, Ba Sajeni. Ndinakoka wa dzanja."

Insipekitala Hamoonga, bwana wake wa Lombe, anayang'ana wotchi.

"Sajeni, musatalikitse nkhani yaifupi. Paipi yaduka, woika paipi tikumudziwa. Makaniko uja ndamutumizira kale galimoto yokamugwira."

*

Makaniko uja, Bashi Katongo, ndiko kuti bambo a Katongo, anali atakhala pa simenti m'chitokosi, ovololo yawo yabuluu ili m'thupi, nsapato atawavula. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu anakhala akukonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango ku Kantanshi, ndipo theka la minibasi za mu Mufulira linadutsapo m'manja mwawo. Sanali munthu wa mawu ambiri.

"Mwana wanga," anatero, "wafayo anali ndi ana?"

"Anayi, mukwai."

Mkuluyo anaweramitsa mutu n'kupitiriza.

"Akuti abale ake ali kale ku galaja ndi miyala. Mayi a Katongo athawira kwa aneba. Ngati ndapha ndine, agwetse galajayo, andigende ndi miyalayo. Koma paipi ija ndinaitulutsa ndekha m'pepala lake. Ndinamanga, ndinayesa katatu." Anatukula maso. "Mwaiona mmene yadukira?"

"Ndaiona."

"Paipi yotha imang'ambika ngati nsalu yakale, ulusi uli lendelende. Iyo ili choncho?"

Sinali choncho. Inali yoduka bwinobwino ngati phesi lodulidwa ndi chikwanje chakuthwa. Lombe anatuluka mtima ukumuwawa, n'kukagogoda kwa bwana wake.

Hamoonga sanali munthu woipa. Anali munthu wokonda mafayilo otsekeka, basi.

"Mwandiuza kuti dalaivala akunama," anatero. "Chabwino. Ananamiranji? Sanaledzere, tamuyeza. Foni analibe. Pa kamera yanu yomwe ya pamsewu anadutsa pa liwiro labwino m'mawa uno, si choncho? Munthu wabwinobwino angagunde njinga masanasana pa msewu woongoka popanda chifukwa? Ndipatseni chifukwa."

"Ndipatseni nthawi, Ba Insipekitala."

"4 koloko ndikusaina. Dalaivala azipita kwawo, mkuluyo mawa m'mawa kukhoti."

Lombe anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itangodutsa 11.

*

Wapaulendo mmodzi yekha ndi amene sanathawe, chifukwa anali atatemeka pachipumi ndipo anamwino anali atamugwira kuti amusoke. Anali Ba Sichone, nkhalamba yomwe inapuma ntchito ku mgodi. Zaka zoboola miyala pansi pa nthaka zinawatengera makutu, choncho ankayankhula ngati akuitana munthu wa tsidya lina la mtsinje.

"Ndinakhala kutsogolo ine! Ine kumbuyo sindikhala, mawondo!"

"Lole munaiona, Ba Shikulu?" anafunsa Lombe, akuwatchula kuti agogo m'chiyankhulo cha kuno.

"Ndani?"

"Lole! Kutsogolo kwanu!"

"Lole ya chiyani? Maso angawa ndi a nkhungu, koma lole si nyerere. Kunalibe lole." Anakweza chala. "Koma mnyamata ujayo musamuvutitse. Mwana woopa Mulungu ameneyo. Masiku ano madalaivala ndi nyimbo zaphokoso basi, koma iye ayi. Amapemphera!"

"Amapemphera?"

"Tangodutsa pa mlatho paja, pomwe panali wapolisi wamkazi atabisala ngati akusaka mbewa..." Anasuzumira nkhope ya Lombe. "Kodi si inu?"

"Ndine, Ba Shikulu. Pitirizani."

"Eya! Tangokudutsani, iye mutu pansi. Dzanja limodzi pa chiwongolero, lina pamiyendo pansi pa kansalu, milomo ikugwedera. Ine mumtima ndinati, akuthokoza Mulungu kuti wapulumuka kwa apolisi. Wadzutsa mutu. Pang'ono, waweramanso, pemphero lachiwiri, lalitali. Ndisanati ameni, phuu!"

Lombe anasiya kulemba.

"Ngoziyo itachitika anatani?"

"Ndi zimene ndikukuuzani! Anthu akuthamangira kwa wanjinga, iye anagwada pansi. Anagwada, mpaka kukwawira kunsi kwa galimoto! Munthu wa chisoni chotere munamuonapo inu?"

Lombe anatuluka m'chipatalamo ali ndi umboni umene Hamoonga akanauseka: nkhalamba yogontha, ya maso a nkhungu, yomwe inaona pemphero. Foni sinaione. Atakhala pa njinga yake yamoto anatsegula kabuku kake ka m'mawa uja, ndipo apa m'pamene anaona chodabwitsa.

M'mawa uja anabisala pansi pa mtengo wa mapeyala pafupi ndi mlatho wa Kafue kuyambira 7 koloko, kamera yoyezera liwiro ili m'manja. Pofika 9 koloko anali atagwira magalimoto khumi ndi imodzi. Minibasi ya Mukuka inadutsa 9:09. Uthenga wa ngozi unamupeza 9:20, ndipo pa mphindi zapakatizo sanagwire ngakhale imodzi. Minibasi zonse zinkabwera chokwawa ngati zaperekeza maliro, madalaivala akumuimikira dzanja, akumwetulira.

Panali wina amene anawatsina khutu, ndipo anawatsina nthawi yomweyo.

*

Kuchenjezana kwa madalaivala sikunayambe lero. Kale ankathwanimitsirana nyali n'kuloza chala pansi. Masiku ano nyali anazisiya, ali ndi gulu lawo pa foni, ndipo lamulo la m'gulumo ndi lokhwima kuposa la boma: ukadutsa wapolisi umanena pompo, osati ukafika. Ukakhala chete mnzako n'kugwidwa, pa siteshoni sudzamwanso madzi. Iwo amati wakutsina khutu ndi mnansi. Zoti mnansiyo pamene akukutsina khutu amakhala atachotsa maso pa msewu, saziwerengera.

Lombe atafika pa siteshoni ya Mufulira, madalaivala anali pa benchi kutsogolo kwa kanyumba ka malata kodyeramo, akudikira nkhomaliro. Wamkulu wawo, Ba Chola, bambo wa mimba yotsogola, ndiye anayamba.

"Ba Sajeni! Mwabwera manja lendelende? Mapeyala a mumtengo uja sanapse? Tikanalawako."

Benchi lonse linafa ndi phwete.

"Ba Chola," anatero Lombe modekha, "inu njira yanu ndi ya ku Mokambo. Ku mlatho simudutsako. Mtengo wanga mwaudziwa bwanji?"

Kuseka kunazima.

"Mphepo, mukwai. Mphepo imanyamula nkhani."

"Mphepoyo ndiione."

Ba Chola anapereka foni yawo ndi manja awiri, mwaulemu wonyoza. Munali mbee, ngati mbale yonyambita galu. Wachiwiri anapereka yake, wachitatu yake. Zonse chimodzimodzi: mauthenga a dzulo analipo, a m'mawa uno palibe.

"Mukuka ali ndi foni ina?"

"Mukuka uti? Aa, wamtali uja? Ife timangoonana pa msewu."

Inali itakwana 1 koloko. Lombe anaima pa dzuwa, thukuta likutsika m'kolala, akumva maso a benchi lonse pamsana pake. Kenako m'kanyumba ka malata muja munalira foni, ndipo mawu a mzimayi anatuluka ndi utsi womwe.

"Nkhuku mbale ziwiri, nkhuku mbale ziwiri! Muzilemba choncho, ndiphikira chiyani, zala zanga?"

*

Mayi wophikayo, Bana Musonda, ndiko kuti mayi a Musonda, anali ndi mbaula zitatu, koma yoyaka inali imodzi. Ankaikupiza ndi chivindikiro cha poto, foni yaikulu ili pa shelefu pakati pa mchere ndi tomato, ikungolira.

"Ngati mwabwera kudzadya, Ba Sajeni, khalani pa mzere. Nyemba sizinapse, nsomba sindinayambe. Lero ndachita manyazi ine."

"Amene akulemba pa foniyo ndani?"

"Ana angawa, a pa benchiwa. Anandiika m'gulu lawo kuti azinena zakudya ali m'njira, akafika angokhala pansi. Ine zawo za apolisi sindiwerenga, ndimangoona nyemba zingati, nkhuku zingati." Anakupizanso mbaula mwaukali. "Koma ndiphikira chiyani? Wamakala wanga sanabwere. Zaka zisanu ndi chimodzi, Lachinayi lililonse 10 koloko isanakwane amakhala atatsitsa kale matumba pakhomo apa. Lero zii. Akabwera Ba Mpundu andimva."

Lombe anakumbukira chishalo cha njinga yopindika ija. Anavula chipewa.

"Bana Musonda, njinga yawo ili ndi chishalo chokutidwa ndi nsalu yobiriwira?"

"Ndinawasokera ndine. Chakale chija chinkawapweteka." Chivindikiro chinaima m'malere. "Mwaiona kuti?"

Lombe anawauza. Sanazungulire.

Mayiyo anakhala pansi pa chigubu cha madzi. Sanalire mokuwa. Anangoyang'ana mbaula ziwiri zozizira zija.

"Anandiuza kuti wagundidwa wanjinga," anatero chapansipansi. "Wanjinga basi. Akhala pa benchi langa kuyambira m'mawa, akundifunsa nyemba."

"Pali nkhalamba m'chitokosi imene mawa ikayankha mlandu wa imfa imeneyi," anatero Lombe. "Siinaphe munthu. Mauthenga a m'mawa uno munafufuta?"

"Ndifufute, ndiye ndidziwa bwanji wofuna chiyani?"

Pakhomo panada. Anali Ba Chola, mimba itatseka kuwala.

"Bana Musonda," anatero mofatsa, "ife ndi inu ndi amodzi. Kumbukirani amene amadya pano."

Mayiyo anawayang'ana, kenako anayang'ana Lombe.

"Ndikakupatsani foniyi, mawa pa benchi apo sipakhala munthu."

Lombe akanatha kuwalonjeza zabwino. Sanafune kuwanamiza.

"N'kutheka, mukwai."

Bana Musonda anapukuta manja pa chitenje, chala chimodzichimodzi, osafulumira. Anatenga foni pa shelefu n'kuiika m'dzanja la Lombe.

"Ba Chola, chokani pakhomo, mukunditchingira mphepo. Moto wanga uzima."

Madalaivala onse anawalemba m'foniyo malinga ndi kadyedwe kawo. Lombe anatsika ndi chala mpaka anapeza dzina lakuti Mukuka wa Tsabola Wambiri.

9:09, Mukuka: Amayi a kamera ali pa mlatho wa Kafue. Chenjerani.

9:10, dalaivala wina: Mbali iti?

9:11, Mukuka: Kumanzere mukamachokera ku Kitwe, pansi pa mtengo wa mapeyala. Lero abisala bwino, simungawaone mpaka mutafika.

9:40, Ba Chola: Aliyense afufute za m'mawa uno. Musafunse.

Lombe anawerenga uthenga wa 9:11 kawiri. Pemphero lachiwiri, lalitali lija, linali lonena za iye. Zinamuwawa, ndipo sanadzibisire kuti zamuwawa. Koma nthawi yomvera chisoni panalibe. Nambala pa foni ya mayi wophika si foni m'dzanja la dalaivala, ndipo Mukuka akanangoti nambalayo anaibwereketsa kalekale.

Kenako anakumbukira manja akuda ndi mafuta aja, ndi munthu wogwada mpaka kukwawira kunsi kwa galimoto.

*

Minibasi anali ataikokera kuseri kwa polisi. Kutatsala mphindi khumi kuti 4 koloko ikwane, Lombe anaimika anthu atatu pambali pake: Hamoonga cholembera chili m'manja, Mukuka atavala kale jekete yopitira kwawo, ndi Bashi Katongo opanda nsapato.

Anawerenga mauthenga aja mokweza. Mukuka anamvetsera mpaka kumapeto, akupukusa mutu ngati womvera chisoni munthu wodwala.

"Nambala imeneyo inatayika chaka chatha, Ba Sajeni. Amene anaitola ndiye akulemba. Ine foni yanga mwaiona nokha pa tchaji. Munandisecha, munasecha galimoto. Kodi ndinaimeza?"

"Sajeni?" anatero Hamoonga, akugogoda fayilo ndi cholembera.

Lombe anadina dzina la Mukuka wa Tsabola Wambiri pa foni ya Bana Musonda n'kuiika kukhutu. Ngati munthuyu anazimitsa foni yobisikayo, ndiye kuti zonse zathera pomwepo, ndipo mayi uja wataya benchi lake pachabe.

Kunali zii. Khwangwala analira pa denga.

Kenako, kuchokera pansi pa minibasi, nyimbo ya kwaya inayamba kuimba, yapansipansi, ngati ikuchokera m'dzenje.

Cholembera cha Hamoonga chinasiya kugogoda.

Bashi Katongo sanadikire kuuzidwa. Anagona chagada pa fumbi monga anachitira kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, n'kulowa kunsi. Anatulukako ndi foni yaikulu imene inali itapanikizidwa pamwamba pa tayala la sipeya, ikuimbabe. Galasi lake linali litasweka lonse. Inagwa pamene mwini wake ankaponda buleki, ndipo chala sichinkagwiranso: sakanatha kuizimitsa kapena kufufutamo kanthu. Pansi pa ming'aluyo pankaoneka chithunzi cha Mukuka atanyamula mwana wake.

M'dzanja lina mkuluyo anali ndi mutu wa paipi ija. Anauonetsa kwa Hamoonga.

"Mpeni uwu, bwana," anatero. "Ntchito yanga siduka chonchi."

Mukuka anakhala pansi pa fumbi pomwepo. Poyankhula, mawu onyada aja anali atapita.

"Sindinamuone. Ndikulumbira, sindinamuone. Ndinangoti ndiyankhe kamodzi, mawu ochepa. Akanagwidwa mnzanga ine nditadutsapo, akanati chiyani pa siteshoni?" Anayang'ana Lombe, maso ali ofiira. "Inunso, Ba Sajeni! Mukanapanda kubisala paja, ndikanalemba chiyani? Ine ndimangochenjeza anzanga."

Mawu amenewo anafika pomwe anawalozera. Lombe anawamva, ndipo ankadziwa kuti adzawamvanso nthawi iliyonse akadzaima pansi pa mtengo uja. Koma mawa 7 koloko adzakaimapo ndithu. Anatulutsa unyolo m'lamba.

"Mwawachenjezadi," anatero. "Anzanu onse afika bwino, chilembereni inu palibe ndi mmodzi yemwe amene ndamugwira. Koma Ba Mpundu m'gulu lanulo munalibemo. Iwo anawachenjeza ndani kuti mukubwera?"

Mukuka anangotambasula manja.

Hamoonga anang'amba pepala limene ankati asaine, n'kuuza wapolisi wa pa kauntala kuti abweretse nsapato za mkuluyo. Bashi Katongo anazivala atakhala pa sitepe, n'kumanga zingwe mosafulumira. Atamaliza anafunsa Lombe kumene kuli nyumba ya maliro.

"Dikirani kaye tikawafotokozere, mukwai. Anthu aja akadali ndi miyala."

"Ndiye tipitire limodzi, mukafotokoze ine ndili pomwepo," anatero mkuluyo akuimirira. "Njinga ija ndikaitenge. Ana anayi aja adzaifuna, ndipo ndikhoza kuiwongola."